Thupi Latopa Koma Tulo Sitibwera: Ndingakhazike Bwanji Mtima Pansi Madzulo?

Funso

Mayi wina wa ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, amene amagwira ntchito yolandira ndalama m'sitolo ina ku Limbe, wafunsa motere: "Ndimaweruka cha m'ma 5 koloko, koma pofika pakhomo kumakhala kutada kale chifukwa cha kudikira minibasi. Ndikafika ndimaphika, kuona homuweki ya ana ndi kutsuka mbale. Pokagona thupi limakhala litatheratu, koma mutu umayamba kuwerengera ngongole, fizi ya ana ndi mawu amene abwana anandilankhula masana. Ndimatenga foni kuti ndiiwale, mpaka 12 koloko imandipeza ndili maso. Anzanga amanena za kugona m'bafa la madzi ofunda ndi kuyatsa makandulo onunkhira, koma ife timasambira m'beseni ndipo nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri. Kodi munthu ngati ine angamachite chiyani madzulo kuti mtima ukhale pansi?"

Yankho

Mayi, zochita zilipo, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chimafuna bafa lamakono kapena kandulo wodula. Choyamba kumvetsa ndi chakuti kutopa kwa thupi ndi kukonzeka kugona ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu amene waima tsiku lonse akuwerenga ndalama za eni ake, akudziwa kuti zikaperewera adzafunsidwa ndi iye, thupi lake limakhala tcheru kuyambira m'mawa: mtima umagunda mofulumirapo, minofu ya m'mapewa ndi m'khosi imakungika, ndipo mahomoni monga adrenaline ndi cortisol amachuluka m'magazi kuti maso asaphonye kanthu. Zimenezi sizitha pamene chitseko cha sitolo chatsekedwa. Mbaula imene mwaphulapo mphika siizizira nthawi yomweyo, makala amakhala akuyakabe pansi pa phulusa, ndipo thupi lanu nalonso limafuna nthawi komanso chizindikiro chakuti ntchito ya lero yatha. Zizolowezi za madzulo zimene anzanu akunenazo ntchito yake ndi kupereka chizindikiro chimenecho. Mphamvu yake imachokera m'kubwereza: zinthu zochepa zomwezo, motsatana momwemo, pa nthawi yofanana tsiku ndi tsiku, mpaka ubongo utazolowera kuti izi zikayamba, chotsatira ndi tulo. Beseni lingagwire ntchito imeneyi mofanana ndi bafa, malinga ngati mukuligwiritsa ntchito mwa dongosolo.

Nthawi yosinthira kuchoka pa ntchito kupita ku tulo si nzeru yobwera ndi magazini akunja. M'chaka cha 2015, gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Jerome Siegel wa ku yunivesite ya California ku Los Angeles linafalitsa zimene linapeza litayeza kagonedwe ka anthu a mitundu itatu okhala opanda magetsi: Ahadza a ku Tanzania, Asan a ku Namibia ndi Atsimane a ku Bolivia. Ambiri ankaganiza kuti anthu otere amagona dzuwa likangolowa, koma zinapezeka kuti ankagona patadutsa maola atatu ndi mphindi zingapo kuchokera pamene dzuwa lalowa. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 2014, Polly Wiessner, katswiri wa chikhalidwe cha anthu amene anakhala nthawi yaitali pakati pa Asan a ku Kalahari, anafanizira zimene anthuwo amakamba masana ndi zimene amakamba usiku pamoto. Masana nkhani zambiri zinali madandaulo, kudzudzulana ndi za chuma, pamene usiku magawo 81 pa 100 alionse a zokamba zawo anali nthano ndi nkhani zosimba. Aliyense amene anakulira kumudzi akuzidziwa zimenezi popanda kuuzidwa ndi ofufuza: nsima ikadyedwa, agogo ankayamba "padangotero", ana n'kuyankha "tili tonse", ndipo milandu inkadikira kuti kuche ikakambidwe pabwalo. Kuno kwathu dzuwa limalowa 5 koloko itapitirira m'nyengo yozizira, ndi 6 koloko itapitirira pang'ono m'nyengo yamvula, choncho maola atatu aja inunso muli nawo. Vuto ndi lakuti adzaza ndi ntchito yachiwiri ya pakhomo komanso nkhani za masana zimene zikukutsatirani mpaka pa pilo.

Pa chifukwa chimenechi ndikulangizani kuti muyambire pakhomo pamene mwangofika, osadikira nthawi ya pabedi. Mukalowa, vulani nsapato ndi zovala za kuntchito nthawi yomweyo, valani chitenje kapena diresi la pakhomo, sambani m'manja ndi kumaso, tungani kapu ya madzi, ndipo mukhale pampando kapena pamkeka pakhonde kwa mphindi 10 musanagwire mpeni kapena mthiko. Foni itsale m'chikwama. Ana abwere adzakulandireni ndi kupereka moni monga mwa nthawi zonse, koma auzeni kuti nkhani za makope, za yunifomu yong'ambika ndi za amene wamenya mnzake zidzamveka amayi akamaliza madzi awo. Ana amazolowera dongosolo lotere msanga kuposa momwe makolo amaganizira. Masiku oyamba mudzamva ngati mukuchita ulesi, pakuti ambiri tinaleredwa poona amayi athu akutula katundu pamutu n'kulunjika kukhitchini, koma nsima yochedwa ndi mphindi 10 siinapweteke banja lililonse, pamene mayi wogona maola anayi kwa miyezi yambiri amapwetekeka ndithu.

Pano ndinene mosapsatira mawu. M'funso lanu mwatchula kuphika, homuweki ndi mbale, ndipo zonsezo mwazitchula ngati zanu nokha. Ngati pakhomo pali bambo, kapena mwana wa zaka 10 kupita m'tsogolo, wamkazi kaya wamwamuna, mbale ndi homuweki ya ang'onoang'ono zingathe kugawidwa. Palibe njira yopumira imene ingathandize munthu amene akumaliza kukolopa 10 koloko usiku pamene ena onse anagona kale. Nkhani imeneyi ikambidwe Loweruka kapena Lamlungu masana, anthu ali okhuta ndi odekha, chifukwa ikakambidwa usiku muli wotopa idzamveka ngati mkangano.

Tsopano za kusamba. Anzanu sakunama kuti madzi ofunda amathandiza, koma chimene chimathandizacho si bafa. Kuti munthu agone, kutentha kwa m'kati mwa thupi kumayenera kutsika pang'ono, ndipo madzi ofunda amafulumizitsa zimenezi mwa njira yooneka ngati yotembenuka: amachititsa mitsempha ya magazi ya pakhungu, makamaka ya m'manja ndi kumapazi, kutseguka, magazi ofunda amabwera pafupi ndi khungu, ndipo mukachoka m'madzimo kutenthako kumatuluka m'thupi. M'chaka cha 2019, Shahab Haghayegh ndi anzake a ku yunivesite ya Texas ku Austin anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana pa nkhaniyi, ndipo anapeza kuti kusamba madzi otentha madigiri 40 mpaka 42 kwa mphindi pafupifupi 10, ola limodzi kapena awiri nthawi yogona isanakwane, kunkafupikitsa nthawi yodikira tulo ndi mphindi pafupifupi 10. Phindu lake si lalikulu kwambiri, koma ndi lenileni ndipo mtengo wake ndi wochepa. Mukaphula ndiwo, terekani madzi pa makala otsalawo, musambe mutatha kudya, ndipo musambe mosathamanga. Tsiku limene madzi avuta, thirani ochepa m'beseni, muviike mapazi mpaka m'akakolo, muwapukute bwino, kenako muwadzoze mafuta mukuwasisita kuyambira ku chidendene mpaka ku zala. Kwa munthu woima tsiku lonse monga inu, mapazi ndiwo asenza ntchito yambiri, ndipo ndikuona kuti chizolowezi chimenechi n'chimene chingakukomereni kuposa zonse. Amene ali ndi matenda a shuga ayambe ayesa madziwo ndi chigongono, chifukwa mapazi awo nthawi zina samva kutentha bwino ndipo akhoza kupsa osazindikira. M'mwezi wa October, pamene malata akutulutsa kutentha mpaka pakati pa usiku, madzi ofunda pang'ono chabe ndi okwanira.

Mbali imene ndikufuna kuti tikhalepo nthawi ndi ya maganizo aja, pakuti ndiyo gwero la vuto lanu. Masana onse mutu wanu umakhala ndi chochita, ndipo nkhawa zimasowa mpata. Mukazimitsa nyali n'kugona, kwa nthawi yoyamba tsiku lonse palibe kasitomala, palibe mwana, palibe mphika, choncho zonse zimene zinali kudikira zimabwera pamodzi. Ubongo umabwerezabwereza zinthu zosamalizidwa poopa kuti zingaiwalike, ndipo kuuuza kuti usiye kuganiza sikuthandiza, kumangouwonjezera ntchito ina. Chimene chimathandiza ndi kuzipatsa nkhawazo nthawi yake ndi malo ake musanafike pabedi. M'chaka cha 2018, Michael Scullin wa ku yunivesite ya Baylor ku America anayesa zimenezi pa achinyamata 57. Ena anawauza kuti kwa mphindi zisanu alembe ntchito zimene ayenera kuchita m'masiku akubwera, ena kuti alembe zimene amaliza kale. Amene analemba zoti achite anagona msanga ndi mphindi pafupifupi 9, ndipo amene analemba mwatsatanetsatane ndiwo anagona msanga koposa.

Gulani kope laling'ono ngati la ana a sukulu, likhale la ntchito imeneyi yokha. Mutatha kusamba, khalani patebulo kapena pamkeka pabalaza, osati pabedi, ndipo mulembe chilichonse chimene chikuzungulira m'mutu. Kalembedwe kake n'kofunika kwambiri. Mukalemba kuti "ngongole" basi, simunatule kanthu, chifukwa mawu amodziwo adzabwerera nanu kuchipinda. Lembani dzina la ngongoleyo, kuchuluka kwake, tsiku lobweza, ndi chinthu chimodzi chimene mungachite mawa: "ya ku banki m'khonde, Lachisanu, ndikalankhule ndi msungichuma Lachitatu kuti ndipereke theka." Za fizi chimodzimodzi: "ndipite kwa aphunzitsi aakulu Lolemba m'mawa ndikapemphe kulipira kawiri." Pali zina zimene mulibe chochita nazo, monga kukwera mtengo kwa chimanga kapena matenda a m'bale amene ali kutali, zilembeninso, ndipo pambali pake mulembe moona mtima kuti usiku uno palibe chimene mungachite. Mawu a abwana aja alembeni momwe ananenedwera, kenako mulembe chimene mukanakonda kuyankha, ndipo musankhe ngati mudzaikamba nkhaniyo mawa kapena mudzaisiya. Mukamaliza tsekani kopelo, muliike pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, pamwamba pa kabati kapena m'chikwama cha kuntchito. Ganizo lija likabweranso muli pabedi, ndipo lidzabwera ndithu masiku oyamba, mudzakhala ndi yankho loona lakuti nkhaniyi yalembedwa ndipo ili ndi tsiku lake. Kope silichotsa ngongole, ndipo sindikufuna kuti mumve ngati ndikupeputsa mavuto a ndalama. Chimene ndikunena n'chakuti masamu a pakati pa usiku sabweza ngakhale tambala imodzi, pamene munthu wogona bwino amakambirana ndi womukongoza ali ndi mutu wabwino. Ngati muli pabanja, gwirizanani kuti nkhani za ndalama sizikambidwa pabedi.

Za foni, anthu ambiri amaloza chala kuwala kwake, ndipo mbali ina n'zoona. Kukada, ubongo umatulutsa homoni yotchedwa melatonin imene imauza thupi kuti usiku wafika, ndipo kuwala kowala kwambiri kumachedwetsa katulutsidwe kake. Kafukufuku wa Anne-Marie Chang ndi anzake pa chipatala cha Brigham and Women's ku Boston, wofalitsidwa mu 2015, anasonyeza kuti anthu amene ankawerenga pa chipangizo chowala kwa maola anayi asanagone ankachedwa kugona ndi mphindi pafupifupi 10 poyerekeza ndi owerenga buku lapepala. Koma inu simukuchedwa ndi mphindi 10, mukuchedwa ndi maola awiri kapena atatu, choncho vuto lalikulu ndi zimene zili m'foni. Gulu la WhatsApp la pabanja limabweretsa uthenga wa maliro ndi zopereka, la kuntchito limakumbutsa za mawa, Facebook ndi TikTok zinapangidwa mwakuti chithunzi chimodzi chikatha china chikhale chayamba kale, ndipo palibe pamene zimakuuzani kuti zatha. Mumatenga foni kuti muiwale nkhawa, ndipo imakuiwalitsanidi kwa kanthawi, koma imatero pokusungani muli maso. Sindikuuzani kuti muizimitse, chifukwa mayi amene ali ndi makolo kumudzi sangagone mwamtendere foni ili yozima. Zimitsani data yokha pa nthawi imene mwaikhazikitsa, tinene 9 koloko, musiye belu kuti wofuna kuimba pa zadzidzidzi akupezeni, muike alamu, ndipo foniyo ikhale pamalo oti kuifika mpaka mudzuke. Ngati chete akukusowetsani mtendere, wailesi yotsitsa mawu ndi yabwino kuposa foni, chifukwa siifuna maso kapena chala chanu.

Chinthu china chimene ambiri sachiganizira ndi tiyi wa madzulo. Masamba a ku Thyolo ndi ku Mulanje amene timawakondawa ali ndi caffeine, chinthu chimene chimathamangitsa tulo, pafupifupi mamiligalamu 40 mpaka 50 m'kapu imodzi, ndipo amaposa pamenepo akawira nthawi yaitali m'ketulo. Thupi limatenga maola pafupifupi asanu kuti lichotse theka la caffeine amene mwamwa. Mu 2013, Christopher Drake ndi anzake ku Detroit anapeza kuti mamiligalamu 400, omwe ndi ofanana ndi makapu anayi a khofi, ankachepetsa tulo ndi nthawi yoposa ola limodzi ngakhale atamwedwa maola 6 munthu asanagone. Kapu imodzi ya tiyi siifika pamenepo, koma kwa munthu amene tulo tikumuvuta kale, tiyi wa 7 koloko usiku kuphatikiza Coca-Cola kapena chakumwa chopatsa mphamvu cha masana n'zokwanira kusokoneza. Chakumwa chofunda madzulo musachisiye, ingosinthani zothiramo: udzu wa mandimu umene umamera kuseri kwa nyumba zambiri, chidede, jinja, kapena mkaka wofunda, zonsezi zilibe caffeine. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo m'bandakucha, choncho si mankhwala. Nsima yesetsani kudya maola awiri musanagone, makamaka ngati mumavutika ndi chilungulira.

Mukafika kuchipinda, chotsala ndi kutsitsa kapumidwe. Munthu akamatulutsa mpweya, mtima wake umagunda pang'onopang'ono kusiyana ndi pamene akuukoka, ndipo n'chifukwa chake kupuma kotulutsa mpweya motalika kumakhazika thupi pansi. Wamkulu amene wangokhala amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi. Akatsitsa kufika pa maulendo 6, thupi limayamba kumasuka. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse mukuwerenga mpaka 6, dzanja limodzi lili pamimba kuti muzimva ikukwera ndi kutsika, ndipo mupitirize kwa mphindi zisanu. Ngati ndinu munthu wopemphera, mwina mukuchita kale zimenezi osadziwa. Mu 2001, Luciano Bernardi wa ku yunivesite ya Pavia ku Italy anayeza anthu amene ankanena korona m'Chilatini, ndipo anapeza kuti kapumidwe kawo kankatsika kokha kufika pafupifupi maulendo 6 pa mphindi. Mkatolika wonena Tikuoneni Maria mosathamanga, Msilamu wokhala pansi ndi tasbihi atatha swala ya Isha, kapena Mkhristu wa mpingo wina woimba motsitsa nyimbo ya m'buku imene anaidziwa ali mwana, onsewa akubwereza mawu odziwika pa liwiro lodekha. Sindikunena kuti pemphero ndi masewera a kapumidwe chabe. Ndikunena kuti simufunika kubwereka mwambo wa anthu ena pamene wanu muli nawo. Chenjezo langa ndi limodzi: pemphero la pabedi lisasanduke kuwerenganso mavuto onse limodzi ndi limodzi. Zopempha zinenedwe pa nthawi ya kope ija, ndipo la pabedi likhale lalifupi, lozolowereka ndi loyamika.

Kwa amene thupi limakhala lokungika, pali njira imene dokotala wa ku Chicago, Edmund Jacobson, anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1920. Muli chigonere, finyani zala za kumapazi kwa masekondi asanu, kenako muzimasule ndi kumvetsera kusiyana kwake. Chitani chimodzimodzi ndi akatumba, ntchafu, manja, mapewa ndi nsagwada. Siifuna malo, siichita phokoso, ndipo mukhoza kuichita mwana ali m'tulo pambali panu.

Pa nkhani ya kuwala m'nyumba, ola lomaliza zimitsani babu lowala kwambiri, mutsale ndi nyali yaing'ono. Kandulo wamba amapereka kuwala kofatsa, koma aimikidwe pa mbale yadothi kapena yachitsulo, kutali ndi makatani ndi masikito, ndipo azimitsidwe musanalowe m'bulangete. Chimene ndikukuchondererani n'chakuti m'miyezi ya June ndi July musalowetse mbaula yoyaka m'chipinda chotseka kuti muothe. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide umene suoneka ndipo sununkha. Umayamba ndi mutu ndi kuwodzera, ndipo wapha mabanja athunthu ali m'tulo.

Padzakhala masiku amene mwachita zonsezi koma tulo osabwera. Apa pali lamulo limene katswiri wa zamaganizo Richard Bootzin analikhazikitsa mu 1972 ndipo likugwiritsidwabe ntchito pochiza kusowa tulo. Munthu akamakhala maola ambiri pabedi akutembenuka ndi kudandaula, ubongo umayamba kugwirizanitsa bedi ndi nkhawa, mpaka kungogona pansi kokha kumamudzutsa. Choncho mukaona kuti padutsa mphindi ngati 20 muli maso ndipo mtima wayamba kukwiya, dzukani. M'nyumba ya zipinda ziwiri mwina pabalaza pagona ana, koma mpando wa pakona kapena mkeka pansi pafupi ndi bedi n'zokwanira. Khalani pamenepo ndi nyali yaing'ono, muwerenge Baibulo, Korani kapena buku losautsa mtima, ndipo mubwerere pabedi pokhapokha zikope zitalemera. Musayang'ane nthawi, pakuti kuwerenga maola otsala kuti kuche kumangowonjezera mantha. M'mawa dzukani pa nthawi yanu yomweyo ngakhale munagona mochedwa, Lamlungu lomwe, ndipo mutuluke panja muone kuwala kwa dzuwa, chifukwa nthawi yodzuka yosasintha ndi kuwala kwa m'mawa ndizo zimakonza nthawi imene tulo tidzabwere usiku wotsatira. Akatswiri a za tulo amalangiza kuti wamkulu azigona maola osachepera 7, choncho ngati mumadzuka 5 koloko, cholinga chanu chikhale kuzimitsa nyali cha m'ma 10 koloko.

Ndatchula zambiri, koma musayese kuzichita zonse. Amene amayamba ndi zinthu khumi amazisiya zonse sabata isanathe, ndipo ena amafika poda nkhawa kuti sanatsate dongosolo lopumira, zimene zimabweza vuto pamene linayambira. Kwa inu ndingasankhe zitatu: mphindi 10 za pakhonde mukangofika, kope limodzi ndi kuzimitsa data mutatha kusamba, ndi kupuma kodekha kapena pemphero lalifupi pabedi. Konzeraninso tsiku loipa, la maliro, la mwana wodwala kapena la kufika 9 koloko, ndipo tsiku lotero mungosamba kumapazi ndi kulemba mizere iwiri. Kafukufuku wa Phillippa Lally wa ku University College London, wofalitsidwa mu 2009, anapeza kuti chizolowezi chatsopano chinkatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ena 18 okha, ena mpaka 254, ndiponso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkawononga zimene munthu wamanga. Choncho musaweruze njirazi pa usiku umodzi kapena uwiri.

Pali malire a zimene zizolowezi za pakhomo zingachite. Ngati kusowa tulo kukuchitika masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata kwa miyezi itatu ndipo kukusokoneza ntchito yanu, madokotala amakutenga ngati matenda ofunika chithandizo. Pitani kuchipatala msanga, osadikira miyezi itatuyo, ngati kwa masabata awiri mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene munkazikonda sizikukusangalatsani, chakudya sichikulowa, kapena mumadzidzimuka m'bandakucha ndi mtima wolemera. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, ndipo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kumene kuli madokotala a matenda a maganizo. Ngati amene mumagona naye akunena kuti mumaliza mkonono kwambiri ndi kubanika m'tulo, kapena ngati mukutuluka thukuta usiku, kukodza pafupipafupi, kapena msambo wayamba kusintha, nenani zimenezi chifukwa chilichonse chili ndi chithandizo chake. Musagule diazepam kapena Piriton kuti muzigonera popanda uphungu wa dokotala: diazepam amazolowereka msanga ndipo kumusiya kumavuta, pamene Piriton amasiya munthu ali wolemera mutu m'mawa, zimene n'zoopsa kwa wowerenga ndalama. Popita kuchipatala tengani kope lanu lija mutalembamo kwa masabata awiri nthawi imene munagona, imene munadzuka ndi zimene munamwa madzulo, ndipo mutengenso mankhwala onse amene mumamwa. Ena mwa mankhwala a mphumu, prednisolone, mapiritsi okodzetsa a kuthamanga kwa magazi ndi ma ARV ena amasokoneza tulo, ndipo nthawi zina dokotala amangosintha nthawi yomwera kuti muzimwa m'mawa, koma musawasiye kapena kusintha nokha musanamufunse.